Kupatsa N'kuika: Thumba la Banja la Rosenwald ndi Masukulu a Kumidzi

Ambiri mwa inu mudakhalapo m'komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya chigayo cha amayi, ndipo mukuchidziwa chimwemwe chimene chimagwa pamudzi ikafika kalata yonena kuti anthu ena akufuna kwabwino avomera kupereka ndalama. Mukudziwanso zimene zimaoneka kawirikawiri pakapita zaka zisanu. Mjigo udafa, malata adasasuka ndi mphepo, ndipo mukafunsa chifukwa chimene palibe wokonza, anthu amayankha kuti eni ake adapita. Funso tsono ndi ili: kodi chinthu chomangidwa ndi mphatso, mwini wake ndani? Lero ndifuna kukufotokozerani za banja lina la ku America limene lidalingalira mozama za funso limeneli zaka zoposa 100 zapitazo. Ndinena za njira imene lidatsata, zabwino zimene zidatulukamo, ndiponso zowawa zake, pakuti nazonso zilipo.

Thumba la banja n'chiyani?

Poyamba timvane za chimene tikutcha thumba la banja. Ku America, banja limene lapeza chuma chambiri limatha kupatula gawo la chumacho ndi kuliika m'manja mwa bungwe lolembetsedwa kuboma. Kuyambira tsiku limenelo ndalamazo sizikhalanso za banjalo ayi. Mwana sangatapeko kuti akagule galimoto, ndipo bambo sangazitengenso malonda ake akavuta. Chimene banja limatsala nacho ndi udindo wosankha kumene thandizo lipite. Makolo, ana, mwinanso adzukulu, amakhala pansi kangapo pachaka nawerenga makalata ochokera ku mabungwe ang'onoang'ono osatsata phindu: ena osamala ana amasiye, ena ophikira anthu osowa pokhala, ena oyendetsa nyumba zowerengeramo mabuku. Akagwirizana amapereka, ndipo olandirawo pambuyo pake amalemba lipoti losonyeza m'mene ndalamazo zayendera.

Chuma cha thumba chimasungidwa m'masheya a makampani kuti chizibereka. Boma limachepetsera msonkho anthu opereka motere, n'chifukwa chake limawayang'aniranso mosamala. Lamulo la chaka cha 1969 lidakhwimitsa zinthu, ndipo masiku ano thumba lotere liyenera kutulutsa chaka chilichonse pafupifupi madola 5 pa madola 100 aliwonse a chuma chake, ndi kuonetsa poyera mabuku ake a ndalama. Nkhani yathuyi idachitika malamulo amenewa asanafike, pamene wopereka aliyense ankadziikira yekha malamulo ake.

Anthu awiri osiyana

Julius Rosenwald adabadwa m'chaka cha 1862 mumzinda wa Springfield, m'chigawo cha Illinois. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Germany. Sukulu ya sekondale sadaimalize. Ali ndi zaka 16 adapita ku New York kukaphunzira malonda a zovala kwa amalume ake, ndipo m'chaka cha 1895 adagula gawo la kampani ya Sears, Roebuck ya ku Chicago. Kampaniyi inkagulitsa katundu kudzera pa positi: mlimi wakutali ankasankha pulawo, nsapato kapena makina osokera m'buku la zithunzi, natumiza ndalama, katundu n'kumupeza pa sitima ya pamtunda. Malondawo adakula modabwitsa, ndipo Rosenwald adakhala mkulu wa kampaniyo kuyambira 1908 mpaka 1924. M'sunagoge mmene ankapemphera, mphunzitsi wake Emil Hirsch ankalalikira kuti chuma chimabwera ndi ngongole kwa anthu ena. M'chinenero cha Chiheberi, mawu otanthauza kuthandiza wosauka adachokera ku mawu otanthauza chilungamo.

Munthu wachiwiri ndi Booker T. Washington, amene adabadwa ali kapolo ku Virginia m'chaka cha 1856. Ukapolo utatha mu 1865 iye adaphunzira movutikira, ndipo mu 1881 adayambitsa sukulu ya Tuskegee m'chigawo cha Alabama, kumene ophunzira ankaumba okha njerwa ndi kumanga okha nyumba zophunziriramo. Rosenwald adawerenga buku la mbiri ya moyo wa Washington, ndipo mu 1911 awiriwa adakumana ku Chicago. Chaka chomwecho Rosenwald adapita kukaona Tuskegee ndi maso ake, ndipo chaka chotsatira adalowa m'gulu la akuluakulu oyang'anira sukuluyo.

Zimene Washington adamuonetsa zinali zomvetsa chisoni. M'zigawo zakummwera kwa America munali malamulo olekanitsa anthu akuda ndi azungu m'sitima, m'zipatala ndi m'masukulu. M'chaka cha 1896 khoti lalikulu la dzikolo lidavomereza tsankho limeneli, pokhapokha mbali ziwirizo zizilandira zofanana. Koma zofananazo sizidaonekepo. Ndalama za msonkho zinkapita kwambiri ku masukulu a ana a azungu, pamene ana a anthu akuda a kumidzi ankaphunzirira m'matchalitchi ndi m'zisakasa zodontha, miyezi yowerengeka chabe pachaka. Makolo awo ambiri adalandidwa ufulu wovota, motero analibe mphamvu yosinthira akuluakulu ogawa ndalamazo.

Malamulo a mphatsoyo

M'chaka cha 1912, pokumbukira kuti wakwanitsa zaka 50, Rosenwald adagawa madola 687,500 ku ntchito zosiyanasiyana. Mwa ndalamazi, madola 25,000 adawaika m'manja mwa Washington kuti athandizire masukulu a anthu akuda. Zitatsalako pang'ono, Washington adapempha chilolezo choti ayesere nazo kumanga masukulu ang'onoang'ono 6 m'midzi ya kufupi ndi Tuskegee. Sukulu iliyonse idalandira madola pafupifupi 300, ndipo zotsalazo adasonkha ndi anthu a m'deralo. Washington adatumiza ku Chicago zithunzi za ana ataima patsogolo pa nyumba zatsopanozo, ndipo mu 1914 Rosenwald adalonjeza madola 30,000 othandizira masukulu ena 100. Washington adamwalira mu 1915 ntchito ili pakati. Mu 1917 Rosenwald adakhazikitsa thumba lotchedwa Julius Rosenwald Fund, limene pa zaka zake zoyamba ankaliyendetsa iye mwini ndi a pabanja pake, ndipo mu 1920 ofesi yoona za masukulu idatsegulidwa mumzinda wa Nashville.

Tsono imvani malamulo amene thumbali lidaika, pakuti mutu wa nkhani yathu wagona pamenepa.

Lamulo loyamba linali lakuti thumba silisenza lokha mtengo wa sukulu. Anthu a m'deralo pamodzi ndi boma lawo ankayenera kusonkha zofanana ndi mphatsoyo kapena kuposa. Wopanda ndalama ankatha kupereka malo, matabwa kapena ntchito ya manja ake, ndipo zonsezi zinkawerengedwa mtengo wake ndi kulembedwa m'buku.

Lamulo lachiwiri linali lakuti malo ndi nyumba zilembedwe m'dzina la akuluakulu a maphunziro a boma la m'deralo, amene ankayenera kulonjeza kuti azilipira aphunzitsi, azisamala nyumbayo, ndipo sukulu izitsegulidwa miyezi yosachepera 5 pachaka. Lamulo limeneli linali lochenjera. Akuluakulu amene kale ankakana kumangira sukulu ana a anthu akuda, tsopano ankaona ndalama za ku Chicago zili pafupi kuwadutsa, ndipo kuti azilandire ankayenera kutsegula thumba la msonkho.

Lamulo lachitatu linali lokhudza mamangidwe. Sukulu inkayenera kukhala ndi malo osachepera maekala 2, kuti pakhale bwalo losewerera ndi dimba, ndiponso zimbudzi zoyenera. Thumba linkapereka mapulani aulere. Oyambirira adakonzedwa ku Tuskegee, kumene kunali katswiri wojambula nyumba dzina lake Robert R. Taylor. Popeza kumidziko kunalibe magetsi, mazenera ankakhala aatali ndi ondondozana, openya kuvuma kapena kuzambwe, ndipo madesiki ankaikidwa mwakuti kuwala kuzichokera kumanzere kwa mwana, kuti chithunzithunzi cha dzanja lolemba chisagwe pa pepala. M'masukulu ambiri chipupa cha pakati pa zipinda ziwiri chinali chosunthika, kotero kuti madzulo nyumbayo inkasanduka holo ya misonkhano ya mudzi wonse.

M'mene midzi idasonkhera

Anthu amene adapemphedwa kusonkhawa anali osauka kwambiri. Ambiri anali matenanti pa minda ya thonje ya azungu, ogawana zokolola ndi mwini munda, ndipo chaka chinkatha ali ndi ngongole. Komabe adasonkha. Amayi ankakazinga nsomba ndi nkhuku nagulitsa pa misonkhano. Alimi ena ankapatula ekala imodzi ya thonje kuti zotulukamo zipite ku sukulu. Amuna ankagwetsa mitengo, kucheka matabwa ndi kuwatuta pa ngolo. Olemba mbiri adasunga nkhani ya nkhalamba ina ya pa Boligee, ku Alabama, imene idaona ukapolo ndi maso ake. Pa msonkhano wosonkha ndalama, nkhalambayo idatulutsa kathumba kakale nikhuthulira pa tebulo timakobidi tonse timene idasunga pa moyo wake, kuti zidzukulutudzi zake zidzaphunzire.

Amene ankayenda mudzi ndi mudzi kukonza misonkhano yotereyi kawirikawiri anali aphunzitsi oyendera otchedwa a Jeanes, ambiri mwa iwo amayi achikuda. Dzinali lidachokera kwa mayi Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 adapereka madola 1 miliyoni othandizira masukulu a kumidzi a anthu akuda. Achikulire ena pakati panu dzinali sakulimva koyamba, pakuti njira yomweyi ya aphunzitsi oyendera idafika ku Nyasaland, ndipo sukulu yowaphunzitsa ya pa Domasi, ku Zomba, inkatchedwa ya Jeanes.

Zimene mabuku a ndalama akusonyeza

Ntchito yomanga idatha m'chaka cha 1932, chaka chimene Rosenwald adamwalira, chuma cha dziko la America chitagwa kuyambira 1929 ndipo masheya a thumba atatsika mtengo. Pofika nthawi imeneyo panali patamangidwa masukulu 4,977, nyumba za aphunzitsi 217 ndi nyumba zophunzirira ntchito zamanja 163, m'zigawo 15. Masukuluwa anali ndi malo a ana oposa 660,000, ndipo mwa ana atatu aliwonse achikuda ophunzira kumidzi ya kummwera, mmodzi ankaphunzira m'sukulu yotereyi.

Zonsezi zidadya madola 28.4 miliyoni. Nanga adalipira ndani? Pa madola 100 aliwonse, thumba la Rosenwald lidapereka pafupifupi 15, azungu akufuna kwabwino a m'maderawo 4, boma 64, ndipo anthu akuda eni ake 17. Tamvetsani bwino pamenepa, abale anga. Matenanti aja adapereka madola 4.7 miliyoni, kuposa madola 4.4 miliyoni amene adapereka mmodzi mwa anthu olemera kwambiri a m'dzikolo. Masukuluwo amatchedwa a Rosenwald mpaka lero, ndipo m'zipinda zambiri chithunzi chake chinkapachikidwa pafupi ndi cha Abraham Lincoln ndi cha Washington. Koma mayi amene adagulitsa nsomba ndi bambo amene adacheka matabwa ankadziwa mumtima kuti nyumbayo ndi yawo. N'chifukwa chake ankaisesa, kuipaka utoto, kutema nkhuni zowothera ana nthawi yachisanu, ndi kusunga aphunzitsi m'nyumba zawo. Makolo athu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo amene adasenzako denga salola kuti lidonthe iye akuona.

Zipatso zake zidaoneka patapita nthawi. M'chaka cha 2011 akatswiri awiri a zachuma a ku Chicago, Daniel Aaronson ndi Bhashkar Mazumder, adafufuza zolembedwa za kalembera ndi za asilikali, napeza kuti masukuluwa adathandiza kwambiri kuchepetsa kusiyana kwa maphunziro pakati pa anthu akuda ndi azungu a kumidzi ya kummwera. Mlembi wotchuka Maya Angelou adaphunzira m'sukulu yotere ku Stamps, m'chigawo cha Arkansas. Momwemonso John Lewis wa ku Alabama, amene adayenda pamodzi ndi Martin Luther King pomenyera ufulu wa anthu akuda, nakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1987 mpaka imfa yake mu 2020.

Zowawa zake

Ndikanakhala wosakhulupirika ndikanalekera pomwepa. Pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzinena poyera.

Choyamba, anthu akudawa ankakhoma msonkho monga wina aliyense, ndipo msonkho wawo unkathandiza kumanga masukulu a ana a azungu popanda makolo a anawo kukazinga nsomba. Kuti ana awo akhale ndi denga, iwo adayenera kusonkhanso kachiwiri. Wolemba mbiri James D. Anderson, m'buku lake la chaka cha 1988, adachitcha chimenechi msonkho wapawiri. Tikamayamikira nkhalamba ya pa Boligee ija, tisaiwale kuti idapereka chimene boma linkayenera kupereka kale. Lamulo loti wolandira asonkheko limakhala labwino pamene likudzutsa umwini, koma limasanduka katundu wolemera pamene wosauka akulipira ngongole ya wina. Pamidzi yosaukitsitsa, imene idalephera kusonkha gawo lake, sukulu sidamangidwe konse.

Chachiwiri, masukuluwa adamangidwa m'kati mwa lamulo latsankho, ndipo sadaligwetse. Anali masukulu a ana akuda okhaokha. Anthu ena a nthawi imeneyo ankadandaula kuti kukongoletsa sukulu yopatulidwa kumathandiza tsankho kukhalitsa. Ena ankayankha kuti mwana wa zaka 7 sangadikire kuti makhoti asinthe maganizo, pakuti pofika tsikulo adzakhala atakalamba osadziwa kulemba dzina lake. Khoti lalikulu lidathetsa tsankho m'masukulu m'chaka cha 1954, ndipo m'zaka zotsatira masukulu ambiri a Rosenwald adatsekedwa. Ena adasanduka nkhokwe, ena adagwa. Mu 2002 bungwe losunga malo a mbiri la National Trust for Historic Preservation lidawaika pa mndandanda wa malo amene ali pangozi yotheratu, ndipo m'madera angapo adzukulu a omanga aja adasonkhanso ndalama nakonza nyumbazo kuti zikhale maholo ndi malo osungiramo mbiri. Palibe adawalamula. Adachita chifukwa agogo awo adaikapo thukuta.

Thumba lotsekedwa mwadala

Pali chinthu chinanso chimene banjali lidachita mosiyana ndi anthu olemera anzawo. Matumba akuluakulu a nthawi imeneyo, monga la Carnegie, adakonzedwa kuti akhale mpaka kalekale, akumadya zobereka zokha osakhudza mbewu. Rosenwald adatsutsa zimenezi, ndipo mu 1929 adalemba maganizo ake m'magazini ya Atlantic Monthly. Iye ankaona kuti thumba losatha limayamba kudzisamala lokha koposa kusamala anthu, kuti munthu wakufa sangadziwe zosowa za anthu a zaka 100 zakutsogolo, ndiponso kuti mbadwo uliwonse uli ndi udindo wothandiza osauka ake. Motero mu 1928, pamene adawonjezera chuma m'thumbamo ndi kuitana Edwin Embree kuti akhale mkulu wake, adalamula kuti ndalama zonse, mbewu ndi zobereka zomwe, zikhale zitatha zisanakwane zaka 25 chimwalirire iye.

Kuyambira chaka chimenecho thumba lidathandizanso zipatala, nyumba zowerengeramo mabuku, ndi anthu aluso ofuna kupitiriza maphunziro, monga woimba Marian Anderson, mlembi Langston Hughes, ndi Ralph Bunche amene adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 1950. Ana a Rosenwald adasunga mawu a bambo wawo. Thumba lidatsekedwa mu 1948, patangopita zaka 16 chimwalirire iye. Mwana wake wamkazi, Edith Stern wa ku New Orleans, adayambitsa ndi mwamuna wake thumba lawo mu 1936, ndipo nalonso lidatsekedwa mwadala mu 1986. Ana adatengera kwa bambo wawo khalidwe lopatsa pamodzi ndi khalidwe losakakamira dzina. Rosenwald mwini, atapereka ndalama zambiri zokhazikitsira nyumba yoonetsera zasayansi ku Chicago, adakana kuti itchedwe ndi dzina lake.

Mabanja ambiri a ku America amasankhabe thumba losatha, ndipo ali ndi zifukwa zomveka, pakuti mavuto ena, monga matenda ndi umbuli, satha ndi mbadwo umodzi. Koma njira ya Rosenwald ili ndi otsatira ake. Chuck Feeney, amene adalemera ndi masitolo a m'mabwalo a ndege, adagawa madola pafupifupi 8 biliyoni ali moyo, natseka thumba lake la Atlantic Philanthropies mu 2020.

Tibwerere ku funso lathu

Kodi tsono chinthu chomangidwa ndi mphatso, mwini wake ndani? Nkhani ya masukuluwa ikutiyankha kuti mwini wake ndi amene adaikapo chake ndipo adzakhala pomwepo wopereka atapita. Banja la Rosenwald lidadziwa kuyambira pachiyambi kuti lidzachoka. N'chifukwa chake lidafuna kuti mudzi uikepo dzanja ntchito isanayambe, kuti boma lilembe lonjezo la malipiro a mphunzitsi, ndiponso kuti nyumba imangidwe molimba. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Banjali lidaika madola 15 pamalo pamene adadzutsa ena 85.

Inu amene mumalemba makalata opempha thandizo m'malo mwa anzanu, musanalembe mtengo wa simenti ndi malata, yambani mwalemba chimene anthu anu aikapo kale, ngakhale chitakhala mchenga ndi masiku a ntchito, ndipo gwirizanani za amene adzakonze chinthucho chikadzawonongeka. Inu amene muli ndi kangachepe kopatsa, kaya ndi banja limene limathandiza gulu la amayi kapena ana okhala kunja amene amatumiza ndalama kumudzi, funsani eni ake chimene akufuna, ndipo yezani gawo limene mukuwapempha ndi mphamvu zawo, kuti mungawakhometse msonkho wapawiri. Kumbukirani nkhalamba ya pa Boligee ndi kathumba kake. Dzina lake silidalembedwe pa khomo la sukulu ina iliyonse, koma mabuku a ndalama akuchitira umboni kuti iyo ndi anzake adapereka koposa mwini thumba.